Chofukizira cha Kapitawo

Chofukizira njuchi ndicho chinayamba kulowa m'shedi, mwini wake pambuyo. Chinadutsa pafupi ndi khutu la Mmisiri n'kukagwetsa mulu wa zidebe zimene anasula m'mawawo.

Mwini wakeyo anali Kapitawo wa omanga nyumba, chimunthu chodzaza khomo. Nkhope yake inali itatupa moti diso limodzi linatsekeka, milomo ngati yobwereka. Moni analibe. Anamugwira Mmisiri pakolala n'kumumenyetsa kukhoma la malata. Chibakera choyamba chinatera pamphuno, chachiwiri m'nthiti.

"Umafuna kundipha iwe! Chofukizira chimenechi kapena chitini cha kudzala?"

Mmisiri anachidziwa chinthucho. Anachisula yekha, n'kuchigulitsa kwa mkazi wa Kapitawo sabata yatha. Mayiyo tsopano anali ataima pakhomo, maso pansi, dzanja lake lili m'bandeji yachikasu monga tsiku lija. Chitseko chinandipana, anatero nthawi imeneyo, Mmisiri asanafunse n'komwe.

Tsiku limenelo mayiyo anafotokoza kuti amuna ake asiyiridwa ming'oma iwiri ndi malemu achimwene awo. Za njuchi sankadziwa kanthu, koma Kapitawo si munthu wofunsa mnzake. Anangotuma mkazi kuti akagule chofukizira chotsika mtengo, chosavuta kugwiritsa ntchito. Mmisiri anatulutsa zitatu. Chachikulu chinali chodula komanso cholemera. Chaching'ono chinali chouzira ndi pakamwa, chimene chimatsamwitsa munthu woyamba kumene. Mayiyo anasankha chapakati, chokhala ndi kamvukuto kofinya ndi dzanja limodzi.

Ogula ambiri amangofunsa mtengo n'kumapita. Mayi uyu ayi. Anafunsa zoyatsira, anafunsa kuchuluka kwa utsi woti njuchi zifatse, anafunsanso pomwe pamakhala vuto chikasiya kufuka. Mmisiri anamuonetsa kapaipi kakang'ono kapansi, kamene kamalowetsa mpweya kuchokera ku mvukuto, ndipo anamuyamikira mumtima kuti mwamunayu anakwatira bwino.

Lero kuyamikira kunalibe malo. Kapitawo anamuponya pansi n'kumuponda pamimba ndi jombo yodetsedwa ndi simenti. Analalata kuti anayatsa bwinobwino, kautsi kanatuluka, iye n'kuvundukula mng'oma. Atafinya mvukuto, zii. Anafinyanso, zii. Njuchi zinamuvala thupi lonse mpaka anakadziponya m'thanki ya madzi, ndipo a kuchipatala anamuuza kuti pang'onong'ono akanapita.

Anakankha tebulo, misomali n'kumwazika paliponse. Potembenuka kuti atole hamala, mkono wake unadutsa pomwe panali mutu wa mkazi wake. Mayiyo anali atawerama kale mkonowo usanafike, osaphethira n'komwe.

"Chiyang'ane!" anatero Kapitawo, hamala ili m'manja. "Ukapeza kuti cholakwika n'chako, dzanja losula zinyalalali ndiliphwanya pano."

Mmisiri anadzuka movutikira, magazi akudontha pamalaya. Mantha anali nawo, n'zoona, koma ankadziwa ntchito ya manja ake. Chofukizira chilichonse amachiyesa chisanatuluke m'shedi, ndipo ichi anachiyesa pamaso pa mayiyo, utsi uli tolotolo mpaka kudenga. Dzanja lamanja ndilo linkadyetsa ana ake, ndipo sanali wokonzeka kulitaya chifukwa cha munthu wosadziwa kuyatsa moto.

Anachitola pakati pa zidebe. Chivundikiro chinali bwino. Mvukuto sunabooke. Anachitembenuza chadodolido, n'kutokosa kapaipi kaja ndi kawaya. Kenako anafumbata dzanja lamanzere.

"Tanena!" anakuwa Kapitawo.

Mmisiri anaika chofukiziracho pansi.

"Kulakwa n'kwanga, bwana. Powotcherera ndinatseka njira ya mpweya."

Kapitawo sanadikire mawu ena. Analigwira dzanja lamanja lija, kuliyala pa chidutswa cha njanji chimene Mmisiri amasulirapo, n'kutsitsa hamala. Zala ziwiri zinalira ngati nkhuni zouma. Mmisiri anakuwa mpaka osoka nsapato a tsidya lina la msewu anaimirira, koma palibe amene anawoloka. Kapitawo ankadziwika.

Anataya hamala, analavula malovu pansi, n'kutuluka uku akupapasa khomo chifukwa cha diso lotsekeka lija.

"Tiye iwe!"

Mayiyo anatsalira pang'ono. Anamuyang'ana Mmisiri koyamba chifikireni. Anatembenuka n'kutsatira amuna ake.

Mmisiri anakhala pansi atatsamira khoma, dzanja lophwanyikalo lili pachifuwa. Lamanzere linali chifumbatire kuyambira pamene anatokosa kapaipi kaja. Mapazi atazilala mumsewu, analifumbatula.

M'menemo munali kachidutswa ka bandeji yachikasu, kopotedwa mosamala kuti kakwane bwino mu kapaipi. Anakaponya mu mbaula n'kudikira mpaka katapsa konse.