Katswiri wa Nsomba Padziwe Lakuphwa

"Alamu, fulumirani, zikufa," anatero Rosina, akumukoka Abednego pamkono.

Atafika padziwe anapeza anthu atazungulira timadzi totsala pakati pa matope. Chinali chilala cha 1949, ndipo nsomba za m'dziwelo ndizo zinali ndiwo zomaliza za mudzi wonse. Zambiri zinali zitagadama kale.

Anthu anamupatukira. Onse ankadziwa kuti nkhondo yaikulu imene anakamenya itatha, Abednego anatsalira ku Zanzibar, komwe ankathandiza mzungu wofufuza za m'nyanja yamchere. Ankamira naye pansi pa madzi kukaona miyala yamoyo yotchedwa makorali ndi nsomba zoswana m'menemo. Anali atangobwerera kwawo kufupi ndi Fort Jameson.

Anagwada n'kupisa dzanja m'madzimo. Anali ofunda ngati osamba.

"Madzi atentha, mpweya watha," anatero.

"Ndiye titani, alamu?"

"Kunyanja mafunde amabweretsa madzi atsopano tsiku lililonse. Koma kuno..." Anayang'ana kumwamba. Kunalibe ndi kamtambo komwe.

"Mzungu wanu uja akanatani?"

"Akanayeza madziwa n'kulemba."

Abednego anakhalabe chogwada mpaka nsomba imene inali pafupi ndi dzanja lake inaleka kuphupha.

"Nanga zakufazi zingadyeke?" Rosina anafunsa motsitsa mawu.

"Zafa lero lomwe. Zingadyeke."

Azimayi anathamangira malichero. Madzulo mudzi wonse unanunkhira nsomba zowamba, ndipo anthu ankafika pakhomo pa Abednego mmodzimmodzi, akuwomba m'manja, kudzamuthokoza chifukwa cha maphunziro ake.