Maliro a Lenard

"Imani! Kumeneko ndi kulira kapena kuseka?" anakalipa Enifa, mwini filimu.

Mpikisano wa mafilimu a ophunzira unkatseka mawa lake, koma anzake ankalepherabe kumulira Lenard, yemwe anagona pamphasa ngati wakufa. Anayesanso, koma osatheka. Enifa anazimitsa kamera mopsa mtima n'kukhala pansi.

Nthawi yomweyo azakhali a Lenard, pochokera kumsika wa Chonde, anasuzumira pakhomo. Dengu linagwa, tomato n'kumwazika.

"Mayo ine! Mwana wa achimwene anga!" anakuwa azakhaliwo, akugubuduka m'fumbi, misozi ili chuchuchu.

Lenard anadzambatuka. "Ndi filimu chabe, azakhali!"

Onse anatembenukira kwa Enifa, nkhope zili ngwee. "Wajambula eti?"

Enifa anangoluma mano, akuyang'ana kamera yozima ija.