Womaliza Pamzere

A Linunda anaizindikira ng'ombeyo isanalowe n'komwe m'bwalo. Anali ataima pafumbi ndi ndodo yawo yoweruzira, kudikira gulu la achinyamata pa chionetsero cha ziweto, pomwe thadzi lofiira linatulukira pachipata. Msana wowongoka, khosi lalifupi, banga loyera pansi pa diso. Mtundu umenewu anauyambitsa ndi bambo awo, iwo n'kuusamala moyo wawo wonse.

Dzina la Linunda anawapatsa ndi anyamata a m'makola, ati msana wawo unapindika chifukwa chokhalira kuwerama kuyang'ana ziboda. Eni ake sankadana nalo. Ankadzitama kuti akangoona mayendedwe a ng'ombe, atha kukuuza make ndi gogo wake yemwe. Za anthu ndiye ankati alibe nazo nthawi.

Anali ndi mwana mmodzi yekha, wamwamuna, amene anayenera kudzalandira khola. Koma mnyamatayo anabwera kuchokera kusukulu ya ulimi ndi nzeru zobereketsa ng'ombe popanda nkhunzi. A Linunda anati m'khola mwawo simulowa munthu wochititsa nkhunzi manyazi. Anakangana mpaka mawu oipa anatuluka, ndipo mwanayo anachoka atakoka thole lalikazi labwino koposa onse. Pasanapite nthawi, anthu analiona tholelo pa lole ya wamalonda wina wogula ng'ombe. Basi, nkhani inali yoonekeratu. Mwana wagulitsa thukuta la makolo ake. Onse amene anabwera kudzamupepesera anabwezedwa ali pakhomo.

Zaka zinapita. Matenda analowa m'khola, mphamvu zinachepa, ndipo thadzi lomaliza la a Linunda linafa chilimwe chathachi. Okonza chionetsero anawamvera chisoni n'kuwapempha kuti chaka chino akhale woweruza. Iwo anavomera. Sanauzepo munthu, koma chaka chilichonse maso awo ankazembera kumpanda kumene kumaima oonerera, kufunafuna nkhope ya mwana wawo. Ankamusowa kwambiri, kungoti kunena kunali kowavuta.

Lero kumpandako kunali nkhope ina. Wamalonda uja, atanenepa ndi kumera imvi, anali atatsamira mtengo n'kumakuwa.

"Kweza mutu wake, mwana iwe! Usaope!"

Chingwe cha thadzilo anachigwira mtsikana wowonda, wovala jekete yomukulira. Magazi a a Linunda anawira. Ndiye kuti wamalondayu waswetsa mtundu wawo zaka zonsezi, lero n'kutuma mwana wake kudzawaonetsa pamaso!

Anayamba ntchito. Anazungulira ng'ombe iliyonse, kukhudza nthiti, kusuzumira mano, kukweza chiboda. Atafika pa thadzi lofiira anachedwapo. Anafunafuna chilema, ngakhale kakang'ono, koma sanachipeze. Ubweya unali wosalala, bere lokhala bwino, miyendo yoima chilili. Ng'ombeyo inanunkhiza dzanja lawo mofatsa, iwo n'kulichotsa msanga. Manja awo ankadziwa kuti m'bwalo monsemo munalibe ina yofanana nayo.

Kenako analoza ndi ndodo. Kutsogolo anaikako ng'ombe ya mnyamata wina, ya matewe pang'ono. Zina zinatsatira. Mtsikana uja anamulozera kumapeto kwenikweni kwa mzere.

Anthu anang'ung'udza. Wamalonda anamenya chipewa chake pansi. Mtsikanayo sanatsutse, anangokoka ng'ombe yake n'kukaima pomwe anamuuza, maso ake akuyendayenda pakati pa oonerera.

Mphoto zitaperekedwa, bwalo linayamba kuphwa. Mtsikanayo anatsala pafupi ndi chipata, akupukuta fumbi pakhosi pa thadzilo ndi mkono wa jekete. Misozi inali m'masaya koma sankalira mokweza. A Linunda akanatha kungodutsa. Koma mkwiyo wa zaka zambiri unali usanathe, ndiye anaima.

"Mtsikana iwe," anatero, akuloza wamalonda uja ndi ndodo, "ukawauze bambo akowo kuti ng'ombe yogula kwa wakuba sipambana pano."

Mtsikanayo anacheuka modabwa.

"Aja si bambo anga, bwana. Ndi a lole, akhala akutinyamulira ziweto kuyambira ine ndisanabadwe. Bambo anga tawaika m'manda mwezi wathawu."

A Linunda anatsitsa ndodo pang'onopang'ono.

"Sanagulitsepo ngakhale imodzi," anapitiriza mtsikanayo. "Ankati ng'ombezi ndi za agogo anga, ife tikungowasungira. Ali pafupi kutisiya anandiuza kuti ndibwere nayo kuno, agogo sajomba chionetsero, akangoiona aizindikira okha n'kubwera kudzandipeza. Ine nkhope yawo sindiidziwa."

Anayang'ananso kumpanda, kumene anthu otsiriza anali kutuluka.

"Mwina achita manyazi poona kuti ndakhala womaliza."