Moto wa M'mapazi

Nachisale ankachapa bulangete la malemu mwamuna wake pamene a Chikaonda a zaumoyo anatsamiritsa njinga pamtengo wa mango.

"Ndabwera kudzatenga chibangili chija, mayi."

Masiku amenewo kuchipatala sankaperekanso mankhwala a ululu wa mitsempha. Ankaveka wodwala chibangili, china n'kuveka wachibale, kuti ululuwo azigawana. Kwa zaka zambiri Nachisale ankasenza theka la moto umene unkawotcha mapazi a mwamuna wake, mpaka anazolowera kuphika atakhala pansi, mapazi ali m'beseni la madzi.

"Chotsani msanga," anatero. "Munthu tinaika mwezi watha, koma mapazi ake akundiwotchabe usana ndi usiku."

A Chikaonda anachitembenuza chibangilicho, nachiyang'anitsitsa. "Ichitu chinazima tsiku lomwe bambo anatisiya. Ngati mukumvabe moto, ndi wanu umenewo. Tiveka mwana wanu kuti azikuthandizani."

Nachisale anacheuka. Esinta, mwana wake yekhayo, ankachokera kumjigo ndowa ili pamutu, akuponda matope opanda nsapato, uku akuimba.

"Ndimangocheza ine, achimwene. Palibe moto. Tengani chinthu chanucho muzipita, dzuwa likundithera."

Njinga itapita, Esinta anatula ndowa. "Amayi, bwanji mwaponda m'madzi ochapira ngati kale? Kodi ababa sanapite nawo ululu wawo?"

"Usandifunse zopusa. Gwira uko tifinye."

Anagwira wina uku wina uko, n'kuyamba kupotokola. Bulangetelo linali lolemerabe, ndipo madzi ankangodonthera pamapazi a onse awiri.