Galimoto Yosathamanga

Mayi mwini kampani yoona za maliro anamulozera mpando wofewa, n'kuitanitsa tiyi. Mlendo wakeyo, dalaivala wa ambulansi, anakhala pansonga pa mpandowo, laisensi ili m'manja. Kuseri kwa khoma kunkamveka nyundo za akalipentala okhoma mabokosi, koma iye phokosolo silinamuvute. Muno munalibe womukuwira kuti afulumire.

Anali atayendetsa ambulansi zaka khumi ndi zinayi. Kuchipatala ankamutcha Kamvuluvulu, ndipo kale dzinali ankayenda nalo modzitukumula. Masiku ano foni ikangoitana, ankalakalaka atapanda kuiyankha. Mwezi wathawu mtsikana wina wapakati anatsirizikira kumbuyo kwa ambulansi, geti la chipatala likuonekera poteropo. Amayi ake a mtsikanayo sanalire. Anangogogoda pagalasi n'kunena kuti, "Basi bambo, chepetsani liwiro." Kuyambira tsiku limenelo tulo tinamuthawa, ndipo analumbira kuti sadzanyamulanso munthu woti amufere panjira.

Ntchito zina zonse anazisinkhasinkha. Paminibasi n'kulimbana ndi kondakitala wa zala zazitali komanso mwini galimoto wosamva za mvula kapena matenda. Kumathiraki akutali kunapita mlamu wake, ndipo anabwerako msana utapindika, ana ake omwe akumupatsa moni ngati mlendo. Takisi ndi yonyamula zidakwa ndi achifwamba. Kulikonse kumene ankayang'ana kunali moto wokhawokha.

"Fodya wako ndi amene ali pamphuno, bambo," anamuuza mkazi wake. "Ntchito yopanda minga munaiona kuti?"

Komatu anali ataiona. Tsiku lina anadutsana ndi galimoto yonyamula maliro ikuyenda mwakachetechete, dalaivala wake ali mu suti, chigongono chili pawindo. Anaisirira mpaka malovu kudzaza m'kamwa. Wokwera kumbuyo kwa galimoto yotere sabuula, sapempha madzi, ndipo sungachedwe naye, poti choopsa chimakhala chitachitika kale. N'chifukwa chake lero anali muno, atavala malaya ake akutchalitchi.

"Mbiri yanu ndinaimva," anatero mayiyo akumuthirira tiyi. "Akuti anamwino amakukondani."

"Ndimayesetsa, mayi."

"Tandiuzani. Pamwezi ndi angati amene safika amoyo?"

Dalaivala anaika kapu pansi. Zaka zonsezi panalibe amene anamufunsapo funso limeneli. Abwana ake ankangofunsa za mafuta ndi matayala.

"Atatu. Nthawi zina asanu. Misewu ikaonongeka ndi mvula, amachuluka."

"Pepani. Ndiye kuti inu ndi amene mumayamba kudziwa?"

"Ine ndi namwino. Ndimangomva kumbuyo kwati zii."

"Achibale amakhala momwemo?"

"Mmodzi kapena awiri. Mutu umawaima, mayi. Sadziwa poyambira. Ena amagwira ine dzanja kundifunsa kuti atani, ngati kuti ine ndine mkulu wa kubanja kwawo."

Mayiyo anagwedeza mutu pang'onopang'ono, n'kulemba kenakake m'kabuku. Chifundo chimamasula lilime kuposa mowa. Dalaivala anakhuthula zonse. Ananena za magalimoto amene sapatuka ngakhale sairini ilire chotani, za kusanza m'mawa uliwonse asanapite kuntchito, za mwana wake wamng'ono amene anasiya kumuthamangira chifukwa bambo ake amakalipa popanda chifukwa. Ananena kuti watopa, ndiponso kuti akuchita mantha. Misozi itatsika anachita manyazi, koma mayiyo anangomukankhira kansalu. Anthu olira anali atawazolowera.

Laisensi ija sanaifunse n'komwe. Dalaivala anaona kuti ndi ulemu umenewo, pakuti munthu wa zaka khumi ndi zinayi pachiwongolero safunsidwa mapepala.

Pawindo ankaiona galimoto yonyamula maliro ija itaima pamthunzi, yakuda, yaitali, munthu wina akuipukuta matayala. Anadziona ali mkatimo. Anaona magalimoto ena akumupatukira okha popanda kuwaimbira hutala, anthu a m'mbali mwa msewu akuvula zipewa. Anadziona akufika kunyumba dzuwa likadalipo, akugona mpaka m'mawa ngati anthu ena onse.

Mayi uja anatseka kabuku kake.

"Ndafunsa anthu asanu ndi mmodzi sabata ino," anatero. "Palibe wofika pa inu. Ntchito mwaipeza."

Anatsala pang'ono kugwada. Anagwira dzanja la mayiyo ndi manja onse awiri. Pachifuwa panapepuka koyamba chichitikireni za mtsikana uja.

"Mulungu akudalitseni, mayi. Mwandichotsa pamoto. Mawa lomweli ndikatsanzika kuchipatala." Analoza pawindo. "Ndiyambe liti kuyendetsa ija?"

Mayiyo anatembenuka kuyang'ana kumene ankalozako, kenaka anaseka pang'ono.

"Ija ili ndi dalaivala wake, bambo. Inu kuchipatala musachokeko, ntchito yathu ili mu ambulansi momwemo. Kumbuyo kukangoti zii, muzitiimbira foni msanga, achibale asanaganize za kampani ina."