Azimayi Ali Pageti

"Ndasankha kampani ya ku Limbe ija, a Likoswe," anatero Shaista, maso ali pa mbande za tomato.

M'girinihausi, nyumba ya pulasitiki yolimiramo mbewu, munali motentha ngati mu uvuni. A Likoswe, kapitawo amene ankabweretsa aganyu kuno chiyambire nthawi ya malemu bambo ake a Shaista, anavula chipewa n'kuchipinda m'manja.

"Talakwa pati, mwananga?"

"Simunalakwe. A kuhotela akufuna tomato sabata iliyonse, ndipo kampaniyo ili ndi anyamata ndi makina opopera mankhwala. Anthu anu akula, bambo."

Mkuluyo anagwedeza mutu pang'onopang'ono. Anawerama n'kumangirira pachingwe tsinde lomwe linagwa, ngati ntchitoyo ikadali yake.

"Azimayi aja afika kale, ali pageti. Ayenda wapansi kuchokera ku Chilobwe, ena ndi zidzukulu kumsana. Mukawauza nokha, kapena ndikawauze ine?"

Shaista anabweza maso ake pa mbande zija.

"Basi, khalani," anatero a Likoswe. "Ndinawabweretsa ndine."

Anatuluka. Posakhalitsa Shaista anamva azimayi aja akuwalonjera a Likoswe ndi nthabwala, akuseka, akufunsa mzere woti ayambire lero.