Mbuzi ya Nyanga Yothyoka

"Mbuzi iyi si yomwe ija taiona kwa a Isaki m'mawa uja?" anafunsa mayi Matewere, amene boma linawatuma kudzaona ngati alimi a kwa Malemia analandiradi mbuzi za chitukuko.

"Ayi madamu," anayankha a Brighton, mlangizi wa zaulimi m'deralo. "Mbuzi za kuno zimafanana. Tonde wake ndi mmodzi."

Mayi Matewere anayang'ananso nyanga yothyoka ija. Khola la a Rahema linali la mitengo yaiwisi, ndipo pansi panalibe ndowe ngakhale pang'ono.

"Mayi, mbuziyi munalandira liti?"

"Chaka chatha," anatero a Rahema, maso ali kwa a Brighton.

"Ndiye yazolowera pakhomo pano. Taitsekulirani."

A Rahema anazengereza, kenako anatsekula kholalo. Mbuziyo sinacheukire n'komwe nyumba yawo. Inadutsa m'munda wa nandolo mpaka kumsewu, pomwe a Brighton anaimika njinga yawo yamoto. Inaima pafupi ndi dengu lakumbuyo, n'kumadikira kuti aikweze, ipite khomo lotsatira.